Zimene Vincent Ankachita Kuseri kwa Nkhokwe

Chikwama cha Vincent chinali chitamangidwa kale, ndipo chinamangitsa ndi pakamwa pa Rebecca.

Vincent anali msuweni wake, mwana wamasiye amene anakulira pasukulu ya Abuda ku Malawi. Atabwera kudzakhala nawo ku Vubwi, ku Zambia, m'mawa uliwonse ankakhala kuseri kwa nkhokwe atapinda miyendo, maso ali chitsekere, ali phee. Rebecca anamusuzumira, nathamangira kwa amayi ake. Tsoka ilo, mtsikanayu sankatha kunena nkhani osathirako mchere. Anati anamumva akuitana mizimu. Amayi ake, munthu wosaphonya kutchalitchi, sanafunse kawiri. Analamula kuti Loweruka mnyamatayo abwerere kumene anachokera, ngakhale kuti sukulu anali atamaliza ndipo kunalibe womulandira.

Lachisanu Rebecca ndi Vincent akupalira thonje, kumwamba kunada bii, bingu linagunda. Rebecca anataya khasu. Chiyambire tsiku limene mphenzi inapha bambo ake m'munda womwewo, bingu likangogunda mpweya unkamuthawa. Anagwa pansi akubanika.

Vincent anakhala pambali pake. "Ika manja padothi, Rebecca. Ukumva chiyani?"

"Ndikufa ine!"

"Amenewo ndi maganizo. Manjawo akumva chiyani?"

"Kuzizira. Dothi lonyowa."

"Eya. Tsopano mpweya. Usaukakamize, ungoumva polowa ndi potuluka."

Anamuuza kuti asalimbane ndi mantha, angoona pamene akhala m'thupimo. Rebecca anawapeza pachifuwa, akufinya ngati chitenje chomanga kwambiri. Bingu litagundanso, Vincent anati alimvetsere mpaka kumapeto. Linayamba, linakula, linazirala, kenako kunatsala kuwaza kwa mvula pamasamba a thonje. Chifuwa chija chinayamba kumasuka.

Atapeza mawu, Rebecca anafunsa ngati kuseri kwa nkhokwe amachita zomwezi. Vincent anati n'zomwezi basi: kukhala pansi, kupuma, n'kuona zimene zilipodi. Za bodza lija sanatchule n'komwe, chonsecho ankadziwa amene analinena. Rebecca anagwidwa ndi manyazi oopsa njira yonse yobwerera kunyumba.

Loweruka m'mawa wanjinga yamoto anafika kudzatenga Vincent. Amayi potuluka kuti apereke chikwama, anapeza Rebecca atachikhalira pakhonde, miyendo atapinda, maso atatseka.

"Iwe, wayamba misala? Choka apo!"

Rebecca anatsegula maso. Sanasunthe.

"Amayi, za mizimu zija ndinanama. Vincent amangopuma. Dzulo mpweya utandithawa kumunda, anandiphunzitsa kupumako, n'chifukwa chake ndinabwera ndi miyendo yanga. Ngati ndi mlandu, tipite tonse."

Amayi anayang'ana mwana wawo, kenako mwana wa malemu mchimwene wawo, amene anaima chapatali atazolika. Wanjinga uja analiza hutala. Amayi anamukwezera dzanja osamuyang'ana.

"Pitani, bambo. Pano palibe wa ulendo."