Mayi Amene Anaperekeza Zakeyu

Madzulo amenewo amayi a kwa Kanduku anachedwa kuweruka ku gule. Ankakonzekera msonkhano wachipani wa ku boma, ndipo ng'oma inakoma mpaka mwezi kutuluka. Flossie, mtsikana wotsogolera nyimbo, anasiyana ndi anzake pamphambano akuseka, n'kulowa yekha kanjira kodutsa m'munda wa manachesi.

Kumbuyo kunamveka nsapato. Anazidziwa. Anali Zakeyu, uja ankafunsa anthu makhadi a chipani pamsika, munthu wokonda kunena pamowa kuti mkazi akati toto ndiye kuti walola. Atsikana angapo anali atalira naye, koma akuluakulu ankangofunsa kuti iwowo ankafunanji kunja usiku.

Flossie anafulumira. Nsapato nazo zinafulumira. Pakamtsinje Zakeyu anamugwira mkono, n'kumuuza kuti asadzivute n'kukuwa, palibe amve.

Achule onse anangoti zii.

Patsidya panali pataima mayi wamtali, musi uli paphewa. Anawoloka, koma madzi sanagwedezeke. Mwezi unali mbee, komabe nkhope yake sinkaoneka.

"Pita, mwanawe," anatero mayiyo. "Bambowa ndiwaperekeza ndine. Si akufuna mkazi?"

Dzanja la Zakeyu linazizira n'kumasuka. Flossie anathamanga osacheuka, mpaka kukagwera m'manja mwa mayi ake. Usiku wonse, chakumtsinje kunkamveka munthu akusinja. Thi, thi, thi.

M'mawa amayi opita kotunga madzi anamupeza Zakeyu pamchenga, chitenje chili m'chifuwa, akusinja mumtondo wopanda kanthu. Manja anali matuza okhaokha. Atawaona anaponya musi, n'kugwada, n'kuyamba kuwapatsa moni mmodzimmodzi. Aliyense ankamutchula kuti mayi, ngakhale kamtsikana ka zaka khumi. Woyamba kuseka anali mtsikana wina, Dyna, amene anali asanasekepo kuyambira pamene Zakeyu anamugwirira chaka chatha. Anzake anamutsatira mpaka ena kukhala pansi, misozi ili chuchuchu. Flossie anayambitsa nyimbo pomwepo, ndowa zinasanduka ng'oma, ndipo madzi anafika mochedwa kumudzi tsiku limenelo.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likangopendeka Zakeyu ankadzitsekera m'nyumba. Atsikana ankadutsa pakhomo pake akuimba.

Amayi ankanong'onezana kuti mayi wamtali uja anali malemu Deliwe, amene anagwiriridwa pamtsinjepo kalekale, mlandu wake n'kuthera pa mbuzi imodzi. Amuna ankati bodza, Zakeyu unangomuzunguza mowa. Koma panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe amene analimba mtima kukachotsa mtondo uja. Unaolera pomwepo.