Nambala Yamakani ya Sondos

Sondos ankafuna nyenyezi yagolide. Ankaifuna kwambiri.

Mukumudziwa Sondos? Ndi mmodzi wa mapasa aja a pamwamba pa nyumba yathu, kuno mumzinda wa Tanta. Mnzake ndi Rawan.

Tsiku lina aphunzitsi anapatsa aliyense nambala yaikulu.

"Mawa mudzatiuze khalidwe la nambala yanu," anatero. "Wotisangalatsa adzalandira nyenyezi."

Rawan anapatsidwa 2520. Sondos anapatsidwa 2521.

Kunyumba Rawan anayamba kugawa. Anagawa ndi 2. Inalola. Anagawa ndi 3. Inalola. Mpaka ndi 10, inangolola!

"Yanga ndi mfumukazi," anatero Rawan. "Yako bwanji?"

Sondos anagawa ndi 2. Inatsala imodzi. Anagawa ndi 3. Inatsala imodzi. Mpaka ndi 10, inkatsalabe imodzi.

Abale, nsanje! Sondos anatupa masaya.

Paja m'kalembedwe ka kwathu kuno ziro timalemba kadontho. Wani timalemba kamtengo. Sondos anatenga chofufutira. Anafufuta kamtengo kakumapeto. Anasiya kadontho kokha. Nambala ija inasanduka 2520.

Rawan anasuzumira.

"Amayi! Sondos waba nambala yanga!"

"Sindinabe, iwe kazitape!"

"Waba! Chofufutiracho wabisa m'manja!"

Amayi anabwera ndi mbale ya timabuledi ta chitowe.

"Wafufutiranji, mwanangu?" anafunsa.

"Yanga ndi yoipa," anatero Sondos. "Imangokana. Nthawi zonse imatsala imodzi."

"Wayesa ndi 11?"

Sondos anayesa. Inakana.

"Nanga ndi 13?"

Inakananso. Anayesa zina zambirimbiri. Inakana zonse.

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Yamakani ngati mwini wake! Zoterezi zimagawika ndi 1 ndi zokha basi. Bwezeretsa kamtengo kako."

Sondos anabwezeretsa kamtengo kaja.

M'mawa mwake Rawan anafotokoza yake. Ana anaomba m'manja. Kenako Sondos anaimirira.

"Yanga ndi yamakani," anatero. "Amene angathe aigawe."

Ana anayesa ndi 4. Inatsala imodzi. Anayesa ndi 9. Inatsala imodzi. Ngakhale Hossam, uja amadziwa zonse uja, anatuluka thukuta!

"Iyi ndi nambala yosagawika," anatero aphunzitsi. Anamata nyenyezi pa kope la Sondos.

Tsopano wotupa masaya anali Rawan.

"Tisinthane," anatero panjira.

"Si unati yako ndi mfumukazi?"

Kunyumba Sondos anamuyang'ana Rawan. Anamumvera chisoni. Anatenga sizasi. Anamatula nyenyezi ija pa kope n'kuidula pakati.

"Iyi ndiye imagawika ndi 2," anatero.

Rawan anamwetulira.

Amayi anabweretsa timabuledi tisanu. Rawan anatenga tiwiri. Sondos anatenga tiwiri. Kanatsala kamodzi.

Onse anakayang'ana.

"Osakhudza," anatero Sondos. "Kotsala ndi kanga. Ndinakazolowera."