Tayala Lokana Limu

Jestina anatseka galaja ya a Vinsenti mochedwa, akabaza onse a pa Bembeke atapita kale kukagona. Chinamuchedwetsa ndi tayala limodzi la kalole konyamula mbatatesi. Analiveka bwinobwino pa mashini, koma mlomo wake unakana kukhala pa limu, chitsulo chovekapo tayala. Akapopa, mbali imodzi imakwera, ina n'kutsalira. Magetsi anathima iye akulimbana nalo.

A Vinsenti anali atanena poyera masana: kaloleko kanyamuka m'mawa kupita ku Lilongwe, tayala likapezeka lisanathe, ntchito ya pa mashini aipereka kwa mphwawo, iye abwerere ku tsache. Ndalama za tsachezo sizimakwana ngakhale sopo wochapira matewera. Bambo a mwana anapita ku Joni, ndipo foni inasiya kulira kalekale. Choncho potuluka anali atamanga kale mtima: mawa alawirira, akalipopa mpaka limve, geji yoyezera mpweya inene zonena zake.

Anabereka mwana wake Rute, n'kumufunditsa chitenje china. Chifunga chinali chitatsika kuphiri, chisanu chikuluma m'makutu. Njira yakwawo imadutsa m'mbali mwa manda, pamene mitengo imakumana pamwamba. Jestina sanali wamantha. Ankati akufa sadya, ndiye sangamulande ntchito.

Atayandikira mandawo, agalu a kutsidya anasiya kuuwa. Kenako fungo. Labala ndi madzi a sopo. Anadzinunkhiza m'manja. Silinali lake.

Kumanzere kwake kunali munthu. Ovolosi, jombo, akugubuduza tayala ndi dzanja limodzi. Tayala likudutsa pa miyala... osamveka. Jombo zikuponda... zii.

Jestina anapereka moni.  Munthuyo nkhope anali atalozetsa kumanda.

"Lakana kukhala, amake Rute," anatero. Mawu ake ankatuluka ngati mpweya wothawa pa valavu ya tayala.

 Rute anadzidzimuka n'kukakamira khosi la mayi ake. Jestina anafulumira. Munthuyo anafulumira. Jestina anaima. Tayala linaima... lokha, osagwa, mwini wake atachotsapo dzanja!

"Mawa mukufuna mukalikakamize. Inenso ndinatero."

 Jestina anayamba pemphero la Tikuoneni Maria, mawu n'kusokonekera pakati. Koma pansi pa mantha onsewo panali tayala lija, panali tsache. Anafunsa mmene amafunsira ku ntchito: ndiye achite bwanji?

Munthuyo ananena pang'onopang'ono, osatembenuka. Achotse kachitsulo ka m'valavu, mpweya uthe wonse. Avule tayala pa limu, zala kutali ndi mkono wa mashini. Apale dzimbiri, ayang'ane limu mbali zonse, apapase waya wa m'mlomo wa tayala. Sopo asaumire. Likakananso asawonjezere mpweya, aliphwetse, ayambirenso.

"Popopa muziima pambali. Mutu usakhale pamwamba pa tayala. Ndipo mwanayo... musamamugoneke pamene paja."

Jestina anazizidwa mpaka m'mafupa. Rute ankagona m'tayala lakale loyalamo nsanza, pafupi ndi mashini, kuti mayi azimuona akugwira ntchito.

Pamenepo munthuyo anatembenuka. Mwezi unaboola chifunga pang'ono. Diso limodzi... tsaya limodzi... mbali inayo panalibe kanthu!

Jestina sanakuwe. Anagwira mwana kumbuyo ndi manja onse awiri, n'kuyenda. Osathamanga, kuopa kugwa naye. Osacheuka. Kumbuyo kunamveka phuu! ngati tayala lakhala pa limu, agalu n'kuyambanso kuuwa.

Kusanache anali pa galaja, magetsi atabwera. Choyamba anakokera tayala logonamo Rute panja, kuseri kwa khoma la njerwa. Kenako anachita zonse monga anauzidwira, osadumpha chilichonse. Atapala dzimbiri anauona: mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, utayenda m'mbali mwa limu, mbali imene mlomo unkakana ija.

A Vinsenti anafika ndi mwini kalole, nkhope n'kukwinyika poona tayala lili pansi. Jestina sanadikire kufunsidwa. Anawagwiritsa mng'aluwo ndi chala chawo chomwe, nanena kuti pa limu imeneyi iye sapopa. Abweretse ya sipeya, ndipo ngati ndi tsache, angomupatsa. Mwini kalole anagwira pakamwa, n'kuthamanga kukamasula sipeya.

A Vinsenti anatsala akumuyang'ana. Anafunsa amene wamubweza maganizo, popeza dzulo anamusiya akulumbira kuti tayalalo limva, lifune lisafune. Iye anafotokoza mwachidule: ovolosi, jombo, tayala losamveka, pamanda paja.

A Vinsenti anakhala pa chigubu, chipewa chili m'manja. Analoza kudenga, pamwamba penipeni pa mashini, pamene malata anatukumuka mozungulira ngati beseni. Jestina ankapaona tsiku ndi tsiku, kumayesa ndi ntchito ya mphepo.

"Ndi Godfrey ameneyo, mng'ono wanga. Tayala litaphulika linamunyamula mpaka apo. Tinakamuika m'manda omwewo, inu mukadali ku pulayimale."

Jestina anayang'ana denga, anayang'ana khoma limene kuseri kwake Rute ankayamwa chala. Limu ya sipeya itafika anaiyang'ana mbali zonse, anapaka sopo, anaponda chopondera cha mashini, tayala n'kulowa mofatsa. Atagwira payipi ya mpweya anaima pambali, n'kuuza a Vinsenti kuti nawonso asunthe.