Kachiwala ndi Mizere Iwiri

Kachiwala anali mtsikana wamng'ono. Dzina limeneli anamupatsa ndi Ababa ake. Paja iye sankadziwa kuyenda ngati anzake. Ankangodumpha. Popita kusukulu, dumphu dumphu. Pobwera kusukulu, dumphu dumphu.

Kachiwala ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Amayi ndi Ababa asiye kukangana.

Ababa anali telala. Ankasoka zovala pakhonde. Amayi ankaluka anthu tsitsi. Nawonso ankalukira pakhonde pomwepo. Kale ankagwira ntchito akuseka. Koma masiku amenewa nkhani inali imodzi basi. Inali nkhani yosankha pulezidenti.

"Wangayo ndiye akonza misewu," ankatero Ababa.

"Wanuyo? Pakamwa pokha ngati wailesi," ankayankha Amayi.

"Nanga wanu? Bingu lambiri, mvula osagwa!"

Kachiwala ankamvetsera zonsezi. Mnzake wa nyumba yoyandikana ankabwera m'maganizo mwake. Makolo a mnzakeyo ankakangananso. Tsiku lina bambo ake ananyamula chikwama. Sanabwererenso.

Tsiku lachisankho linafika. Amayi anabereka khanda, mlongo wake wa Kachiwala. Ababa anavala chipewa chawo chachikulu.

"Lero aliyense ndi wake," anatero Amayi.

"Eya, aliyense ndi njira yake," anatero Ababa.

Kachiwala anachita mantha.

"Kodi tikupita kuti?" anafunsa.

"Kusukulu kwanu," anayankha Amayi.

"Koma lero kulibe sukulu!"

"N'chifukwa chake tikupitako."

Kachiwala anakanda mutu. Sanamvetse.

"Nanga tikukatani?"

"Tikukaponya voti," anayankha Ababa.

"Voti ndi yolemera? Ndikakuthandizeni kuponya? Ine ndimaponya patali."

Ababa anaseka. "Siiponyedwa patali, mwanangu. Imaponyedwa m'bokosi."

Kachiwala anakandanso mutu. Sanamvetse.

Kusukulu kunali anthu ambirimbiri. Koma ana asukulu kunalibe. Kunali amayi. Kunali abambo. Kunali agogo a ndodo. Onse anaima pamizere ngati ana. Koma belu silinalire. Palibe amene ankaimba nyimbo.

Pachipata panali bambo wina wolondolera anthu. Anayang'ana chitupa cha Amayi. Anayang'ananso chitupa cha Ababa.

"Mayi, inu pitani uko, pamtengo paja. Bambo, inu pitani uku, kuthanki yamadzi."

Kachiwala anagwira dzanja la Amayi. Anagwiranso dzanja la Ababa. Amayi analowera uko. Ababa analowera uku. Manja a Kachiwala anatambasuka, anatambasuka, mpaka dzanja la Ababa linapulumuka.

"Basi, zayambika," anaganiza Kachiwala. "Uwu ndi mzere wa munthu wa Amayi. Uwo ndi mzere wa munthu wa Ababa. Aliyense ndi njira yake."

Kachiwala sanafune mizere iwiri. Anafuna mzere umodzi.

Dumphu dumphu, anapita kwa Ababa.

"Ababa, tiyeni kwa Amayi."

"Sindingathe, mwanangu. Malo anga ndi ano."

Dumphu dumphu, anabwerera kwa Amayi.

"Amayi, tiyeni kwa Ababa."

"Sizingatheke, mwanangu. Mzere wanga ndi uno."

Dzuwa linakwera. Kunatentha. Mizere inkayenda ngati nkhono. Anthu ankadzikupiza ndi zitupa zawo.

Kachiwala anapitanso kwa Ababa. Ababa anavula chipewa.

"Kawapatse Amayi ako," anatero. "Khandalo lingapse ndi dzuwa."

Kachiwala anathamanga nacho. Amayi anachilandira. Kenako anatulutsa botolo lamadzi.

"Kawapatse Ababa ako. Mutu wawo wadaziwo uli pamtunda."

Kachiwala anayang'ana chipewa. Anayang'ana botolo. Kodi anthu okangana amapatsana chipewa? Kodi amapatsana madzi? Anakanda mutu. Sanamvetse.

Dumphu dumphu, anafika kuthanki yamadzi. Mzere unalipo. Koma Ababa panalibe.

Anayang'ana kutsogolo. Kunalibe. Anayang'ana kumbuyo. Kunalibe.

"Zikomo," anatero kwa mnyamata wina wamtali. "Kodi mwawaona Ababa anga?"

"Atelala aja? Anaima pamzere wolakwika. Awatumiza kwina."

"Kwina kuti?"

"Kaya. Inenso sindikudziwa ngati mzere uno ndi wanga."

"Uno ndi wa chipinda chachitatu," anatero mayi wina.

"Ayi, ndi wa chachinayi," anatero bambo wina.

"Ine ndimayesa ndi wokamwa madzi," anatero wina kumbuyo.

Onse anayamba kulankhula nthawi imodzi. Akuluakulu nawonso anali atasokonezeka.

Kachiwala anathamangira kumtengo kuja. Mzere unalipo. Koma Amayi panalibe.

"Zikomo," anatero kwa mayi wina wa ambulera. "Kodi mwawaona Amayi anga?"

"Obereka khanda aja? Awatenga."

"Awatenga? Ndani?"

"Olondolera aja. Awalowetsa."

"Awalowetsa muti?"

Mayiyo analoza ndi mlomo. Koma kumene analozako kunali zitseko zambiri. Zonse zinali zofanana.

Kachiwala anasuzumira pazenera loyamba. Anaona mabokosi. Anaona munthu atabisala kuseri kwa katoni. Miyendo yokha ndiyo inkaoneka. Sinali miyendo ya Amayi.

Anasuzumira pazenera lachiwiri. Anaona mabokosi ena. Anaona miyendo ina. Sinali miyendo ya Ababa.

"Akubisala chiyani anthuwa?" anadzifunsa. "Akuopa ndani?"

Pakhomo panatuluka agogo aamuna. Chala chawo chinali bii, chakuda.

"Pepani, Agogo," anatero Kachiwala. "Mwadzimenya ndi chitseko?"

"Iyayi, mdzukulu wanga. Ndavota."

"Kodi kuvota kumapweteka?"

"Miyendo yokha," anatero agogowo. Ndipo anapita akutsimphina.

Chala ndicho chinada. Koma yopweteka ndi miyendo. Kachiwala anakanda mutu kwambiri. Sanamvetse ngakhale pang'ono.

Anafuna kulowa m'chipinda chachitatu. Pakhomo panali mayi wapolisi.

"Dikira panja, mwanawe. Muno mukulowa akuluakulu okha."

"Koma muno ndi m'kalasi mwathu," anatero Kachiwala. "Ndimakhala pafupi ndi zenera."

"Lero ayi," anatero wapolisiyo mofatsa. Pomwepo anthu ena anamuitana, ndipo anatembenuka.

Kachiwala sanadumphenso. Anayenda pang'onopang'ono. Anakakhala kuseri kwa ofesi, pansi pa belu. Anakumbatira botolo lamadzi lija. Misozi inayamba kugwa, do, do, do.

Amayi apita ndi wawo. Ababa apita ndi wawo. Nanga iye ndi wa yani?

"Aa! Si Kachiwala uyu?"

Kachiwala anadzutsa mutu. Anali Aphunzitsi ake! Koma lero analibe choko. Anavala malaya ofanana ndi a olondolera aja.

"Aphunzitsi, kodi inunso mwasochera?"

"Ayi, ine lero ndikuthandiza anthu kuvota. Nanga iwe ukulira chiyani?"

Kachiwala anafotokoza zonse. Anafotokoza za mzere wa munthu wa Amayi. Anafotokoza za mzere wa munthu wa Ababa.

Aphunzitsi anagwada pafupi naye. Anamupukuta misozi.

"Tamvera. Kodi ndikamaitana maina m'kalasi, ndimayamba ndi chilembo chanji?"

"A."

"Kenako?"

"B."

"Mizere ija ikutsata zomwezo. Ikutsata zilembo za maina. Dzina la Amayi ako likuyamba ndi chilembo china. La Ababa ako likuyamba ndi china. Basi."

"Ndiye mzere uja si wa munthu wa Amayi?"

"Ayi. Pamzere umodzi pali okonda uyu ndi okonda uyo. Onse aima pamodzi."

"Nanga obisala kukatoni aja?"

"Akusankha. Aliyense amasankha yekha, wina osaona. Akamaliza, amapinda pepala n'kuliponya m'bokosi."

"Nanga chala chakuda chija?"

"Ndi inki. Imasonyeza kuti munthu wavota kale."

Kachiwala anapuma pang'ono. Koma funso limodzi linatsalabe. Linali lalikulu kuposa onse.

"Aphunzitsi, nanga munthu wa Ababa akaluza, Ababa achoka panyumba?"

Aphunzitsi asanayankhe, kunamveka mawu.

"Kachiwala! Kachiwalaaa!"

Anali Amayi ndi Ababa. Ankathamanga limodzi. Amayi anali atavala chipewa cha Ababa. Khanda linkagwedezeka kumbuyo. Ababa anali thukuta kamukamu.

"Funso limenelo kawafunse eni ake," ananong'ona Aphunzitsi.

Amayi anamukumbatira. Ababa anamukumbatiranso. Kachiwala anapanikizika pakati.

"Ine ndimayesa ali ndi inu, bambo ake," anatero Amayi.

"Inenso ndimayesa ali ndi inu, mayi ake," anatero Ababa.

"Si munamutuma ndinu?"

"Womaliza kumutuma ndinu!"

"Musakanganenso!" analira Kachiwala. "Ababa, chonde musanyamule chikwama!"

Amayi anayang'ana Ababa. Ababa anayang'ana Amayi.

"Chikwama chanji, mwanangu?" anafunsa Ababa.

"Mumati aliyense ndi njira yake. Bambo ake a mnzanga uja anapita. Sanabwererenso."

Ababa anakhala pansi, pafumbi pomwepo. Anamuika Kachiwala pamiyendo.

"Tamvera, mwanangu. Wanga akapambana, ndili pakhonde pompaja. Wanga akaluza, ndili pakhonde pompaja. Sindikupita kulikonse."

"Zoona?"

"Zoona. Nanga makina anga olemera aja ndingawanyamule ndekha?"

Amayi anaseka, koma m'maso mwawo munali misozi.

"Pepa, mwana wanga," anatero. "Ife timalimbana za pulezidenti basi. Za iwe sitilimbana. Pamenepo tonse tili mbali imodzi."

Kachiwala anagwira dzanja la Amayi. Chala chawo chinali chakuda. Anagwira dzanja la Ababa. Zala zawo zonse zinali zoyera.

"Ababa, inu simunavote?"

"Ayi. Ndinali nditafika pakhomo penipeni. Kenako ndinaona Amayi ako akutuluka okha. Ndinasiya mzere n'kuyamba kukufunafuna."

"Ndiye mutani?"

"Ndikayambiranso kumbuyo."

Ababa anayang'ana mzerewo. Unali wautali ngati msewu. Anausa moyo.

"Tiyeni," anatero Amayi. "Tikaima nanu."

"Mukaima nane? Mukudziwa kuti ndikukavotera wanga?"

"Ndikudziwa. Kavotereni wailesi yanuyo. Koma nokha simuima padzuwa."

Anapita onse kumapeto kwa mzere. Ababa anaima. Amayi anaima pambali pawo. Kachiwala anaima pakati. Anamwa madzi mosinthana. Mzere unayenda pang'ono. Unayendanso pang'ono. Kachiwala sanatope.

Pomaliza Ababa analowa. Kachiwala anasuzumira pazenera. Anaona katoni. Anaona miyendo iwiri. Tsopano inali miyendo ya Ababa! Posakhalitsa anatuluka, chala chili bii.

"Tiyeni kunyumba," anatero Amayi. "Tidzere njira yakumsika. Ndi yamthunzi."

"Ayi, tidzere yakumlatho," anatero Ababa. "Ndi yachidule."

"Yakumsika!"

"Yakumlatho!"

Kachiwala anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Ulendo uno sanachite mantha.

"Tivote," anatero. "Ofuna yakumlatho, manja m'mwamba."

Ababa anakweza dzanja.

"Ofuna yakumsika, manja m'mwamba."

Amayi anakweza dzanja. Kachiwala anakwezanso lake. Kumbuyo kwa Amayi khanda linadzuka. Linadziwongola, timanja tonse tiwiri m'mwamba.

"Aa, ayi!" anadandaula Ababa. "Uyu wavota kawiri!"

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mwaluza, Ababa," anatero Kachiwala. "Ndiye mudzera kuti?"

Ababa anamunyamula n'kumukhazika pamapewa.

"Kumsika, limodzi ndi inu," anatero. "Gwira zolimba."