Akupuma Bwino, Pitirizani

Mtembo unali pansi, pakati pa mashelefu a mabotolo ndi tebulo logulitsirapo mankhwala. Unali wa bambo wachikulire, wogonekedwa chammbali mwaluso, bondo limodzi lopinda, madzi a shuga akudontha m'kamwa.

"Wamugoneka chonchi ndani?" anafunsa wapolisi wofufuza milandu.

"Ophunzira, bwana," anayankha Sajini, mayi wamfupi amene ankagwira naye ntchito. "Wina amalowa, kumutembenuza, kumupaka shuga m'kamwa, belu likalira n'kutuluka. Kenako wina."

"Bwerezani."

Mawu amenewa ndiwo anamupatsa dzina. Kupolisi konse ankangomutchula kuti Bwerezani, chifukwa ngakhale anali atachita imvi pa ntchitoyi, sankachita manyazi kunena kuti sanamve.

"Ndikuti bamboyu wakhala ali wakufa m'mawa wonse, ndipo ana a sukulu akhala akulembera mayeso pa iye. Ena akhoza ndithu. Wazindikira ndi wokolopa, masana ano. Anawauza kuti, 'Bambo, tasunthani ndikolope,' koma zii."

Bwerezani anatsegula botolo limodzi. Munali timaswiti toyera. Anagwedeza kabokosi, munalibe kanthu. Anayang'ana kamera ya pakona, kachimkuzamawu ka pakhoma, ndi galasi lakuda limene silinkaonetsa za mbali inayo.

"Sitolo yabodza, mankhwala abodza, wodwala wabodza," anatero. "Chenicheni muno ndi mtembo wokha. Mwini wake wa masewerowa ndani?"

Mwini wake anali mphunzitsi wa pa sukulu ya zamankhwalayo, bambo wamtali wa jasi yoyera. Anawalandirira m'kachipinda ka kuseri kwa galasi, mmene ankakhala poyesa ophunzira.

"Si masewero, ndi kafukufuku," anatero. "Ophunzira ena amaphunzirira pa chidole, ena pa munthu wamoyo woyerekeza kudwala. Zotsatira zathu zaonetsa kuti a pa munthu wamoyo amakhoza kwambiri. Zinasindikizidwa kale, ndipo sukulu zina zayamba kutengera. Malemuwa ndiwo anali munthu wathu wamoyoyo. Ana ankawatchula kuti aKomoka, poti ntchito yawo inali yokomoka ngati wodwala shuga."

"Ndiye anthu ophunzira zamankhwala agwira mtembo osadziwa?"

"Lamulo la mayeso ndi lakuti asakhulupirire zimene akumva pa thupi la woyerekezayo, chifukwa iye ali bwinobwino. Wophunzira amagwira mkono, n'kufunsa mokweza, ine n'kumuyankha pa chimkuzamawu mmene mtima ukugundira."

"Bwerezani."

"Amamvera ine, osati dzanja lawo."

"Nanga inu simunaone kanthu?"

"Maso anga amakhala pa wophunzira. Wokomoka ntchito yake n'kungokhala chete." Mphunzitsiyo anapukuta magalasi ake. "Ankaidziwa ntchito."

Kupolisi anapeza kuti mlandu wapeza kale mwini. Mtsikana amene analowa koyamba m'mawawo, atamva za imfayo, anagwa pansi pakhonde la sukulu akukuwa kuti, "Ndawapha ndine!" Apolisi achinyamata sanadikire kawiri, anamuponya m'chitokosi. Bwana wamkulu anali atanena kale kuti wavomera yekha, Lolemba apite kukhoti.

Anamubweretsa m'chipinda chofunsira mafunso, maso atatupa.

"Unawapha bwanji, mwanangu?"

"Ndinawapaka shuga."

"Anzako onse anawapaka shuga. Unathiramo chiyani?"

"Palibe."

"Unali nawo chifukwa?"

"Ayi! Anali ngati bambo anga."

"Ndiye unawapha bwanji?"

Mtsikanayo anangoluma mlomo, misozi n'kumayenda. Sajini anamukankhira kapu ya madzi.

"Iwe, tamvera. Amene uli nawo kwanu ndani?"

"Mayi okha. Ndine woyamba m'banja mwathu kufika pano."

"Ndiye ukhalanso woyamba kupita kundende ukapitiriza kutafuna mawu."

Bwerezani anatuluka akukanda m'mutu. Anali ataonapo zigawenga zokana mlandu, ndi osalakwa okana. Wovomera koma wosadziwa mmene anaphera, uyu anali woyamba.

M'mawa mwake dokotala wopima mitembo anawonjezera chisokonezo. Madzi a shuga aja anali shuga ndi madzi basi. Chinawapha aKomoka chinali mankhwala amphamvu opha ululu, ochuluka, a mtundu wogoneka munthu mpaka kuiwala kupuma. Anawamwera mu tiyi asanagone pansi.

"Tiyi ndi wa kunyumba," anatero Sajini. "Oyandikana nawo akuti anakangana ndi mayi akunyumba kwawo sabata yonse. Tiyeni kwa namfedwa."

Anamupeza namfedwayo atakhala pa mpando wa kukhitchini, achibale atadzaza pabalaza. Anali mayi wa mawu okwera, ndipo chisoni sichinawatsitse.

"Tiyi? Ine? Tsiku la mayeso sankadya kanthu pano. Ankati m'mimba mukamalira ana amaseka. Mukufuna kundimanga? Mangani, mwina kumeneko ndikapeza tulo."

"Munkakangana chiyani, mayi?"

"Ntchito yawo yopusayo. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kumakagona pa simenti ngati galu! Chiuno chinali chitatha. Akagona pang'ono, mwendo unkafa. Ndikadandaula ankati, 'Usadere nkhawa, aphunzitsi amandidzutsa pafupipafupi kuti nditambasule.' Ndiye sabata yathayi anayamba zina. Mnzawo wa kutchalitchi anagwa m'sitolo ya mankhwala yeniyeni, n'kufera pomwepo. Wogulitsa anali mwana amene anadutsa m'manja mwawo. Akuti anangoima, manja m'mwamba, ngati akudikira kuti wina amuuze chochita. Kuchokera tsiku limenelo bambo ake a ana sanagonenso bwino. Ankangoti, 'Ndawononga ana, ndipita kwa akuluakulu a sukulu ndikanene.' Ine ndimati, mukanene chiyani? Inu mumangogona pansi!"

"Bwerezani."

"Ndati ankangogona pansi! Kodi apolisi a masiku ano n'ogontha?"

"Ayi, za chiunozo."

Ali m'galimoto, Sajini anaphulika. "Bwana, ine mutu wazungulira. Mtsikana akuti wapha koma sanaphe. Mayi akufuna kumangidwa koma sanaphike tiyi. Malemu akuti anawononga ana pogona chete. Timange ndani, chidole?"

"Nanenso sindikumva," anatero Bwerezani. "Pa kafukufuku uja amajambula chilichonse. Tikaonere kanema."

Anabwereka makanema a mayeso kusukulu, n'kukhala nawo mu ofesi masana onse. Anayamba ndi a masiku akale. Zinali zotopetsa. Wophunzira amalowa, kugwada, kuweramira pa nkhope ya aKomoka, kenako n'kudzuka ndi yankho. Wina chimodzimodzi. Pakadutsa ophunzira awiri kapena atatu, mawu a mphunzitsi ankamveka pa chimkuzamawu: "Dzukani, achimwene, mutambasule." AKomoka ankadzuka akubuula, kuyenda uku ndi uku atagwira chiuno, n'kugonanso.

Kenako anaika kanema wa tsiku la imfa. AKomoka analowa akuyasamula, n'kugona pansi. Mtsikana uja analowa, anagwada, anaweramira, n'kudzidzimuka.

"Wodwala akuvutika kupuma!" anafuula.

"Akupuma bwino," chinayankha chimkuzamawu. "Pitirizani."

Mtsikanayo anazengereza, anapaka shuga, belu linalira. Pambuyo pake mnyamata wina anagwira mkono n'kunena kuti, "Aphunzitsi, wodwalayu wazizira."

"Akupuma bwino. Pitirizani."

Anaonera mpaka wokolopa atalowa ndi ndowa yake.

"Waona chiyani, Sajini?"

"Ndaona ana opanda nzeru."

"Nanga chimene sunamve?"

Sajini anamenya tebulo. "Sanawadzutse! M'mawa wonse, ngakhale kamodzi!"

"Munthu sadzutsa amene akudziwa kuti sadzuka. Koma chifukwa chake sindikuchionabe. Ndipo ana onsewa amaweramira chiyani pakamwa pa wodwala? Bweretsani mtsikana uja."

Anamuonetsa kanemayo, n'kuimitsa pamene anadzidzimuka.

"Apa unamva chiyani?"

"Ndikanena atichotsa sukulu tonse."

"Ukapanda kunena, Lolemba uli pamaso pa woweruza, mayi ako ali kumbuyo akulira. Sankha."

Mtsikanayo anapumira m'mwamba. "Ankatinong'oneza. Ukaweramira ngati ukumvetsera mpweya, iwo nkhope ili kumbali imene kamera siiona, amati, 'Shuga, mwanangu, shuga. Nditembenuze chakumanzere.' Ankati sangapirire kuona mwana wa mnzawo akunjenjemera. Aliyense wa gulu lathu ankadziwa. A pa chidole ankatichitira nsanje, poti chidole sichiyankhula."

"Nanga tsiku limenelo?"

"Anati, 'Mwanangu, mpweya ukundithera. Itana anthu.' Ine ndimayesa ndi yankho la mayeso atsopano, ndiye ndinalinena mokweza. Aphunzitsi anati akupuma bwino. Dzanja langa linkamva kuti mtima ukupita, koma ndinamvera khoma. Anandipempha, ine n'kuwapaka shuga." Analira mosadziletsa. "Si kupha kumeneko?"

"Ayi," anatero Sajini mwaukali, uku akumupukuta nkhope ndi mpango wake. "Ndi uchitsiru. Uchitsiru sitimangira, bwenzi ndende zitadzaza."

Lolemba m'mawa, m'malo mopita kukhoti, anapita kusukulu. Anamupeza mphunzitsi m'kachipinda kake ka kuseri kwa galasi. Pa tebulo panali fulasiki ndi kapu imodzi.

"Tiyi aKomoka ankamwera kuti?" anafunsa Bwerezani.

"Nthawi zina muno. Sindikukumbuka za tsiku limenelo."

"Wokolopa akuti makapu amakhala awiri. Inayo ili kuti?"

"Inasweka."

"Kiyi wa kabati ya mankhwala enieni amasunga ndani?"

"Tilipo angapo."

"Chabwino. Chimodzi chokha ndicho chikundizunguza mutu, mundithandize, ine sukulu sindinapite nayo patali. Masiku onse munkati, 'Dzukani, achimwene.' Tsiku limeneli munaiwala bwanji m'mawa wonse?"

"Tinali otanganidwa."

"Bwerezani."

"Ndati nthawi inali yochepa."

"Ana awiri anakuuzani. Wina anati akuvutika kupuma, wina anati wazizira. Mawu amenewa mulibe m'mayeso anu. Munthu wosadziwa kanthu akanasuzumira pagalasi. Mu kanema, mawu anu sanachedwe n'komwe. Yankho munali nalo kale m'kamwa." Bwerezani anakoka mpando n'kukhala. "Za kunong'oneza tazimva. Anakuuzani liti?"

Mphunzitsiyo anavula magalasi.

"Lachisanu, sabata ya mayeso isanafike," anatero potsiriza. "Anakhala pomwe mwakhalapo. Anati, 'Aphunzitsi, mundikhululukire, ana aja ndimawauza mayankho kuyambira tsiku loyamba.' Ankanena ngati akupepesa kuti waswa mbale. Sankadziwa kuti andivula pagulu. Zaka zonse zija, zolemba zonse, dzina langa, zonse zinatsamira pa manong'onong'o a nkhalamba yachifundo! Ndinawapempha kuti akhale chete, ndikonza ndekha mwakachetechete. Anakana. Anati mnzawo ali m'manda, ndipo mayeso akatha apita kwa akuluakulu."

"Ndiye munawathirira mu tiyi."

"Ndinkaganiza kuti anthu adzati ndi mtima, poti anali wamkulu. Ndinkaganiza kuti mwana woyamba kapena wachiwiri akuwa, athamangira panja, zithera pomwepo mochedwa. Koma ndikati pitirizani, ankapitiriza. Mmodzi ndi mmodzi. Ine ndili pano, ndikuyang'ana, ndikupereka malikisi." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndinawaphunzitsa bwino kwambiri."

"Mtsikana wagona m'chitokosi chifukwa cha inu. Munali chete."

Sajini anatulutsa unyolo.

"Vulani jasiyo, bambo. Kumene tikupitako idzada."

Masana omwewo mtsikana uja anatuluka. Mayi ake anali pa geti, ndipo anayamba ndi kumukalipira, kenako n'kumukumbatira. Sukulu sinachotse aliyense, koma inalamula kuti gulu lonse libwereze mayeso pa chidole. Asanapite, mtsikanayo anabwerera kwa Bwerezani.

"Bambo, ndikanaitana anthu, akanachira?"

Bwerezani anatsegula pakamwa kuti anene mawu ake a masiku onse, koma anali atamva bwinobwino.

"Dokotala akuti mwina," anatero. "Pita nalo yankho limenelo, usalitaye."

Ndiye inu amene mukuphunzira zamankhwala, ndi inu amene mukuwaphunzitsa, ine wokamba nkhaniyi zambiri ndilibe. Tsiku lina amene adzagwe pansi pa sitolo yanu ndi ine, kapena mayi anu, ndipo khoma silidzayankhula. Chonde, gwirani mkono, mverani dzanja lanu, ndipo likakuuzani kuti zinthu zavuta, kuwani mpaka anthu abwere. Muchite bwino kuposa anzanu aja.