Apongozi m'Kachipinda ka Nsomba

"Kawauze amayi achotse sanza zija m'mabowo. Lero ndiye ndikuchita kupempha."

A Fabiano anayankhula ataimirira pakhonde, maso ali ku minda ya tiyi imene inali itamira m'chifunga cha chiperoni. Keziya, mkazi wawo, anangogwira m'chiuno n'kuusa moyo. Anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri, miyendo yotupa, komabe m'nyumba imeneyi wamtengatenga anali iye. Mawu a mwamuna wake ankapita nawo kwa mayi ake, a mayi ake n'kubwera nawo kwa mwamuna wake. Mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, ndipo chipinda chimene apongozi agona mkamwini sapondamo phazi. A Fabiano anakula nawo mwambowo kwawo ku Dedza. Mayi Teleza, amake Keziya, ochokera kwa Khwethemule, ndiye ankaugwira ndi manja awiri.

Chinayambitsa zonsezi ndi nsomba. A Fabiano atakwezedwa kukhala wachiwiri kwa manijala wa fakitale, kampani inawapatsa nyumba imene munkakhala mzungu wina. Pochoka, mzunguyo anasiya thanki lalikulu lagalasi lomangidwira m'khoma la pabalaza, lodzaza nsomba zachikasu ndi zamizeremizere, nsomba zoti uzingoziyang'ana, zosadziwa mchere kapena tomato. Kuseri kwa khomalo kunali kachipinda kopapatiza ka denga lamalata. Mmenemo munali mapampu, hita yofunditsa madzi, ndi thanki lina losavundikira losefera madziwo. Munkatentha usana ndi usiku, ndipo nthunzi sinkatha. A Fabiano, munthu wozolowera mafani ofotetsa masamba a tiyi, anaika fani pafupi ndi denga kuti izikoka mpweya wonyowa, n'kuika njerwa za mabowo m'munsi kuti mpweya watsopano uzilowa. Ankakonda kunena kuti ukatseka ziwirizi, kachipindako kamasanduka mphika.

Mayi Teleza anabwera dzinja litatha, kuzizira kutayamba kuluma. Anawaitana ndi Keziya. Pathupi pake poyamba panapita padera iye ali yekhayekha m'bafa, mwamuna ali ku shifiti, ndipo kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti sadzadikiranso mwana mayi ake ali kutali. Anawakonzera chipinda cha alendo, bedi labwino, mabulangete awiri. Koma chipindacho chinali chachikulu, cha mawindo ngati a tchalitchi, chozizira ngati m'mtsuko. Sabata isanathe, mayiwo ananyamula mphasa yawo n'kukadziyalira m'kachipinda ka mapampu. Mabowo onse anatseka ndi sanza ndi masaka. Fani anazimitsa, ati inkawalirira m'khutu ngati udzudzu.

Paja amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. A Fabiano sakanalowamo, sakanakalipa, sakanatsokomola n'komwe pafupi ndi chitsekocho. Makoma anayamba kutuluka thukuta. Chuku chakuda chinamera m'makona n'kukwera mpaka kudenga. Bulangete la mayiwo ukaligwira linkachita ngati laiwalika pachingwe. Kenaka chifuwa chinayamba, chouma poyamba, pambuyo pake cholira ngati wenzulo.

M'mawa umenewo Keziya anakankha chitsekocho, mpweya wotentha wonunkha chinyontho n'kumumenya kumaso. Anagwada movutikira pafupi ndi mphasa.

"Amayi, akuti mutsegule mabowowa pang'ono chabe. Chifuwachi chikuchokera momuno."

"Chifuwa chimachokera ku mphepo, mwanaka. Ine ndakalamba ndikudziwa zimenezo. Amuna akowo anaphunzira sukulu yotani yoti mphepo ndi mankhwala?"

"Onani khomali, amayi. Likudontha."

"Lidonthe, si langa." Anatsokomola mpaka misozi, kenaka analoza galasi la thanki ndi chala. "Tandiuza, Keziya. Tinsomba tosadyedwa iti tizigona pofunda, pa magetsi a kampani, ine amene ndinakubereka ndikagone kozizira kuja? Ngati ndawatopetsa anene, basi ya kwa Khwethemule sinathe."

Mawu a basi ya kwa Khwethemule anamulasa Keziya pamtima. Anatuluka, napeza mwamuna wake akudikirabe pakhonde, ndipo ananama. "Ati achotsa masana ano."

Sanachotse. Loweruka m'mawa, a Fabiano anazungulira kuseri kwa nyumba n'kupeza mabowo ali chitsekere, madzi akuchucha m'munsi mwa khoma. M'katimo munkamveka chifuwa chija. Anayenda uku ndi uku, akukanda m'mutu, mpaka nzeru inawabwerera, nzeru ya mtundu umene umaoneka wabwino usanaichite. Anati mwambo ukuletsa kulowa, koma sunanene za kunja kwa khoma. Anapinda waya, nagwada pansi, nayamba kukoka sanza zija imodziimodzi. Bowo lina litakana, anawerama n'kuikapo diso kuti aone chatsekereza.

Kukuwa kumene kunamveka kunagwetsa mbale m'manja mwa Keziya.

"Mayo ine! Keziya! Amuna ako akundisuzumira!"

Keziya anathamangira kuseri, mimba ili patsogolo. Anapeza a Fabiano ataima ndi waya m'manja, mawondo ali matope, nkhope itagwa ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Mayi Teleza anali atatulukira pakhomo la khitchini, atafunda nsalu kumutu, atafulatira, akulankhula ndi mtengo wa mapeyala.

"Uwafunse, kwawoko amatero? Pogona apongozi amaikapo diso? Ndachita manyazi ine lero, ndavulidwa ndili moyo!"

"Uwauze kuti sindinaone kanthu," anatero a Fabiano, nawonso akuyang'ana kumbali. "Ndimafuna mpweya ulowe, basi."

"Uwauze kuti akufuna kundipha ndi chibayo kuti nsomba zawo zipume bwino!"

Keziya anatembenukira uku, natembenukira uko, mutu ukuzungulira. Mkwiyo wonse unagwera kumene kunali kofewa.

"Inunso abambo, mwaganiza bwanji? Mukufuna achoke? Mukufuna ndidzakhalenso ndekha m'bafa muja? Nsomba zanu ndi mayi anga, chachikulu n'chiti?"

"Nsombazo zife lero lomwe, ndilibe nazo ntchito!" anakalipa a Fabiano, koyamba chikwatirane. "Ndikunena chifuwa chawo! Iwe sukumva mmene akupumira? Ndipo unandinamiza, Keziya. Unati achotsa."

Anaponya waya pansi n'kulowera ku fakitale osamwa tiyi. Mayi Teleza analowa m'kachipinda kawo, namenyetsa chitseko, nakoka chitsulo chotsekera m'kati. Keziya anawamva akubwezera sanza zija m'mabowo, akuzikanikiza ndi mpini wa chipande. Iye anakhala pansi m'khitchini n'kulira mpaka maso kutupa.

Nyengo ya ku Thyolo ilibe chibale. Chakumasana chifunga chinayeretsa, dzuwa n'kutuluka laukali, kulunjika pa malata a kachipinda kaja. Keziya anagogoda ndi phala, osayankhidwa. Anati akwiya, awaleke. Anasesa posesa kale, anapukuta galasi la nsomba, anakhala, anadzukanso. Mtima sunamulole. Atabwereranso n'kuika khutu pachitseko, thabwa linali lofunda. M'katimo, pansi pa kulira kwa mapampu, munkamveka kamluzu kakang'ono, kodukaduka.

"Amayi! Amayi, tsegulani!"

Anamenya ndi zibakera, anakankha ndi phewa mpaka m'mimba munamukoka. Anakwawira pa telefoni ya pabalaza n'kuimbira ku fakitale, mawu osamveka ndi kulira.

A Fabiano anafika pa galimoto ya kampani fumbi lili koboo. Anathamanga mpaka pachitseko, ndipo pomwepo anaima. Keziya anaona dzanja lawo lili m'mwamba, osagwira chitseko. Munthu wamkulu, wolamulira anthu mazana, anaima ngati wamangidwa miyendo.

"Thyolani!" anakuwa Keziya. "Mwambo sudzandibwezera mayi anga! Thyolani!"

Anaponda chitseko kawiri, chitsulo n'kuzuka ndi misomali yake. Nthunzi inatuluka ngati avundukula mphika. Mayi Teleza anali gone pa simenti pafupi ndi thanki losefera, milomo itada, maso atatembenuka. Chifukwa cha kutentha anali atavula bulauzi ndi zonse, atangotsala ndi kansalu m'chiuno, nakonso katamasuka. Keziya anayesa kuwerama kuti awafunditse, koma mimba inamukaniza, ndipo nthawi panalibe. A Fabiano anagwada, nawanyamula apongozi awo m'manja monga anyamulira mwana, mutu wa imvi uli pachifuwa pawo. Ali pakati pa khonde, mphepo itawawomba, mayiwo anatsegula maso. Anaona nkhope imene inali pamwamba pawo. Anawatsekanso, misozi n'kutsikira m'makutu.

Ku kachipatala ka pa esiteti anati ndi mphumu yodzutsidwa ndi chuku ndi kutentha, ndipo akanachedwa pang'ono ikanakhala nkhani ina. Anawagoneka masiku angapo. Keziya sanachoke pambali pa bedi. A Fabiano ankafika m'mawa ndi madzulo, n'kuima panja pansi pa mtengo wa bulugamu, kudikira uthenga.

Tsiku loti atuluka mawa lake, mayi Teleza anamugwira dzanja mwana wawo.

"Ukanditengere katundu wanga. Ndikupita kumudzi."

"Amayi, mukadali okwiya? Anapepesa kale. Kachipinda kaja akatsuka, chipinda chanu aikamo hita, mawindo aikamo makatani olemera..."

"Sindinakwiye, mwanaka. Mpweya ndikupumawu andipatsa ndi iwowo, ndipo Mulungu awadalitse. Zija ndinkanena zoti akufuna kundipha, unali ukalamba." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya nsalu. "Koma andiona, Keziya. Pa za waya zija ndinkangokuwa, ndikudziwa kuti sanaone kanthu. Ulendo uno andiona, andigwira. Ndikamva mapazi awo pakhonde ndidzathawira kuti? Chakudya chidzatsika bwanji pakhosi? Ine m'nyumba imodzi ndi iwo sindingakhalenso."

Keziya anagwada pa simenti ya chipatala, anthu akuona. "Miyezi iwiri yokha, amayi. Ndichire kaye. Ndikuopa ine. Usiku ndikamva kupweteka pang'ono ndimangoona magazi aja. Musandisiye."

Mayiwo analira naye, anamusisita m'mutu, koma sanasinthe mawu.

Anatuluka Keziya, nakawauza a Fabiano pansi pa bulugamu paja. Ankayembekeza kuti atukwana, kapena anena kuti achita chotheka, zotsalazo ndi za eni ake. Iwo anangotola kamtengo n'kumakathyolathyola. Atatha kukathyola konse anafunsa.

"Vuto ndi mapazi anga?"

"Ndi zimene akunena."

"Kawafunse. Mapaziwo akapanda kumveka m'nyumbamo, akhala?"

Keziya sanamvetse. A Fabiano anafotokoza kuti ku nyumba za makalaliki osakwatira, kuseri kwa fakitale, kuli chipinda chopanda munthu. Akagona kumeneko mpaka mwana abadwe. Telefoni ya ku fakitale ili pafupi, galimoto izikhala yokonzeka.

"Abambo, inu bwana, kukagona ndi makalaliki? Esiteti yonse idzati mkazi wakupitikitsani."

"Aseke. Ine ndikhoza kukuthamangitsira kuchipatala, koma mantha akowo sindingawachotse. Angawachotse ndi mayi ako."

Uthengawo utafika, mayi Teleza anafunda nsalu kumaso nthawi yaitali. Pomaliza anangogwedeza mutu kuvomera.

M'mawa mwake chiperoni chinabwereranso. A Fabiano anamulowetsa Keziya m'kachipinda kaja, kali kouma, makoma atapalidwa n'kupakidwa laimu. Anamuonetsa kuti fani isazime, mabowo asatsekedwe, ndipo thanki losefera analiikira chivundikiro. Ankayankhula zambiri, zina kubwereza, monga amachitira munthu amene sakufuna kutsanzika. Dalaivala ataimitsa galimoto kumaso ndi mayi Teleza, iwo ananyamula kachikwama kawo n'kutulukira khomo la kuseri.

Keziya anawalowetsa mayi ake m'chipinda cha alendo, chofunda tsopano, nawakhazika pabedi. Chimene anachipempha chinali chitachitika. Anaima pawindo. Kumusi, m'kanjira kodutsa pakati pa tiyi, a Fabiano ankatsetsereka okha m'mvula yowaza, ali m'shati chabe, mapewa atakwinya. Misozi inayamba kugwa, ndipo sanaibise.

Anamva mapazi akukhwekhwereza pansi. Mayi ake anali ataima pambali pake, nawonso akuyang'ana msana umene unkazimirira m'chifungamo. Anauyang'ana nthawi yaitali, mopanda kufunda kumaso.

"Keziya."

"Amayi."

"Jekete lawo lili pa msomali paja. Tenga ambulera, uyende pang'onopang'ono, ukawapatse." Anamugwira paphewa. "Ukawauze kuti ndati avale. Mwana wanga asadwale."