Batani Lofiira la Twumasi

Anakumana pasiteji ya minibasi ku Kejetia, Twumasi atanyamula kakamera ka vidiyo komwe mkulu wake Boadu anatumiza kuchokera ku Hamburg, ku Germany. Mnyamatayu ankajambula chilichonse, ngakhale mbuzi.

"Achimwene, mwandijambula osapempha," anatero mtsikana wina atasenza mpukutu wa nsalu.

"Pepani chemwali, kamerayi imangotsata zokongola."

"Nanga mbuzi ija?"

Anali Oforiwaa, telala wa ku Bantama. Pofika nyengo ya mvula anali akugawana nthochi zokazinga za tsabola, mafoni awo osapuma. "Shuga wanga, wadya?" "Ndadya, wojambula mbuzi wanga." Koma kwawo kwa onse awiri palibe ankadziwa.

Tsiku lina mayi ake a Twumasi anamuitana.

"Boadu akufuna mkazi wa kwathu kuno. Ndamupezera Oforiwaa, telala uja wa m'kwaya. Lamulungu ukamujambule, mkulu wako amuone."

"Chabwino amayi."

Chabwino! Mwamuna wandevu zake, pakamwa kungouma choncho?

Lamulungu lija Twumasi anafika pageti la kwawo kwa Oforiwaa zala zikungogwiragwira kamera. Mayi ake ndi mayi a Oforiwaa anakhala pakhonde. Iye anaimika Oforiwaa patsinde pa mango, nadina batani lofiira.

"Mwetulirani, chemwali."

Mtsikanayo anamwetulira mano okha. Twumasi anadinanso batani, natsitsa kamera. Oforiwaa anasendera pafupi, akunong'ona.

"Ukundiotcha kwa mkulu wako, Twumasi? Suja unati, 'Ndidzakukwatira ngakhale dziko litembenuke'?"

"Boadu anandilera bambo atamwalira. Ndimulande mkazi?"

"Nanga ine?"

"Iwe ndiwe mpweya wanga, Ofori. Ukakwera ndege, ine ndatha."

"Ndiye itha!"

Oforiwaa analowa m'nyumba misozi ili mbwembwembwe. Madzulo omwewo mayi a Twumasi anapereka tepi ya m'kameramo kwa bambo wina wopita ku Germany, popanda aliyense kuionera.

Masabata awiri foni ya Twumasi inali zii. "Shuga wanga, ndiyankhe." Ankalemba choncho, koma yankho ayi ndithu. Chakudya chinasiya kukoma, kamera nayo inangogona pansi pa bedi.

Kenako m'mawa wina foni inalira. Unali uthenga wa Boadu.

"Mphwanga, batani lofiira ukadina koyamba limajambula, kachiwiri limasiya. Iwe unayatsa uli pageti, ndiye zonse unasemphanitsa. Ndaonera nsapato zako, dothi ndi nkhuku ziwiri. Nkhope ya mkazi sindinaione, koma ndamva zonse. Chitsiru iwe, bwanji sunandiuze? Amayi ndalankhula nawo. Loweruka kagogode kwawo kwa mtsikanayo, ukafunsire ukwati."

Twumasi anathamanga mpaka ku Bantama, patapata mmodzi anatsala panjira. Oforiwaa anaimitsa makina osokera, nawerenga uthengawo kawiri. Sanaseke.

"Ndiye pakanapanda batani, bwenzi ndikulongedza?"

Twumasi anagwada pakati pa zidutswa za nsalu.

"Ndinachita mantha, Ofori. Ndikhululukire."

Oforiwaa anamuyang'ana: thukuta kamukamu, phazi limodzi lopanda kanthu. Mkwiyo ungakhale bwanji pamunthu wotere?

"Loweruka ubwere ndi amalume ako," anatero akudzipukuta m'maso. "Bambo akafunsa, uyankhe ndi pakamwa pako, mokweza, mayi ako akumva."

"Ndilankhula, shuga wanga! Ndipo tsiku la ukwati ndidzakujambula..."

"Iwe ayi! Kamerayo udzampatse wina. Ndikufuna ana athu adzaone nkhope yanga, osati nkhuku."